Timagalimoto tofanizira

Timagalimoto tofanizira ndi timagalimoto ting'onoting'ono topangidwa motsanzira galimoto yeniyeni, pochepetsa mbali zake zonse ndi muyeso umodzi. Timapangidwa ndi chitsulo, pulasitiki, matabwa kapena mapepala olimba. Tina timagulitsidwa totha kale, pomwe tina timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa kuti wogula alumikize ndi kupaka penti yekha. Kumanga timagalimoto totere ndi kusintha maonekedwe ake ndi luso la manja limene anthu amachita pa nthawi yopuma, makamaka ku America, ku Japan ndi m'mayiko a ku Ulaya.

Chimene chimasiyanitsa kagalimoto kofanizira ndi chidole wamba ndi muyeso. Chidole chingakhale ndi matayala aakulu kuposa thupi lake ndipo mwana n'kuseweretsabe bwinobwino. Pa kagalimoto kofanizira, utali, mulifupi, matayala, mipando ngakhale chiwongolero zimayenera kugwirizana monga zilili pa galimoto yeniyeni. Amene amasintha maonekedwe a timagalimotoi nawonso amatsata lamulo lomweli: angathe kupanga galimoto imene sinayendepo pamsewu, koma iyenera kuoneka kuti itakulitsidwa munthu angalowemo n'kuiyendetsa.

Sikelo

Muyeso wochepetsera galimoto umatchedwa sikelo, ngati mmene zilili pa mapu. Umalembedwa ndi manambala awiri, mwachitsanzo 1:24, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kagalimotoko ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Nambala yachiwiri ikakula, kagalimotoko kamachepa. Galimoto yotalika mamita 4.8 imakhala motere pa masikelo odziwika:

1:8, masentimita 60
1:12, masentimita 40
1:18, pafupifupi masentimita 27
1:24, masentimita 20
1:43, pafupifupi masentimita 11
1:64, masentimita 7.5
1:87, masentimita 5.5

Masikelo ambiri ali ndi pochokera. Sikelo ya 1:43 inachokera ku masitima apamtunda ofanizira a ku Britain otchedwa O gauge, amene mamilimita 7 amaimira phazi limodzi. Timagalimoto toyamba ta mtundu umenewu tinkapangidwa kuti tiziikidwa m'mbali mwa njanji za masitimawo. Sikelo ya 1:87 ndi theka la imeneyi ndipo imayendera limodzi ndi masitima a HO. Sikelo ya 1:24 inakondedwa kumene anthu amayeza ndi mainchi, chifukwa theka la inchi limaimira phazi limodzi. Makampani angapo a ku America anasankha 1:25, imene milimita imodzi imayandikira kwambiri inchi imodzi ya galimoto yeniyeni.

Timagalimoto ta Matchbox ndi Hot Wheels timatchulidwa kuti n'ta 1:64, koma nambala imeneyi ndi yongoyerekeza. Timapangidwa kuti tikwane m'paketi ya saizi imodzi, choncho basi imachepetsedwa kwambiri kuposa galimoto ya anthu awiri.

Sikelo imalamulanso zinthu zing'onozing'ono. Pa 1:24, waya wokhuthala milimita imodzi amaimira chitsulo cha mamilimita 24. Wofuna kuika mawaya a mapulagi pa injini amafunika waya wa pafupifupi mamilimita 0.3. Penti akachuluka amakwirira mizere ya zitseko, ndipo kagalimotoko kamabwerera kuoneka ngati chidole.

Mitundu

Timagalimoto tachitsulo, timene pa Chingerezi amati die-cast, timapangidwa pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole mwamphamvu. Chitsulo chake nthawi zambiri ndi zamak, chimene mbali yaikulu ndi zinki, chosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, magineziyamu ndi kopa. Timagulitsidwa totha kale. Tina takale, makamaka ta m'zaka za m'ma 1930, timafufuma ndi kung'ambika tokha chifukwa zinki yake inali ndi mtovu ndi zitsulo zina zosafunika.

Timagalimoto tapulasitiki timabwera m'bokosi lotchedwa kit. Zidutswa zake zimapangidwa ndi pulasitiki wa polystyrene ndipo zimakhala zolumikizidwa ku timitengo ta pulasitiki yemweyo, mmene zinatulukira m'chikombole. M'bokosimo mumakhalanso magalasi, matayala ofewa, zidutswa zonyezimira ngati siliva, zomata za manambala ndi zizindikiro, komanso pepala la malangizo.

Palinso timagalimoto ta resin, pulasitiki wamadzimadzi amene amauma akasakanizidwa ndi mankhwala ena. Zikombole zake ndi zamphira ndipo sizidula ngati zachitsulo, choncho amisiri ang'onoang'ono amatha kupanga magalimoto osowa amene makampani akuluakulu sangapindule nawo. Masiku ano ena amajambula zidutswa pa kompyuta n'kuzitulutsa pa makina osindikiza a 3D.

Timagalimoto toyendera wailesi ndi timene timathamanga m'kanjira kamagetsi timayandikana ndi luso limeneli, koma cholinga chake chachikulu ndi liwiro, pomwe timene tikufotokozedwa pano timapangidwira kuonetsa.

Mbiri

Timagalimoto tachitsulo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makampani a zidole ku Germany ndi ku France ankapanga magalimoto a malata opyapyala. Ku Chicago, kampani ya abale a Dowst inayamba kupanga timagalimoto tothira m'chikombole, timene pambuyo pake tinadziwika ndi dzina lakuti Tootsietoy.

Ku Britain, kampani ya Meccano ya Frank Hornby, imene inali ku Liverpool, inayamba kugulitsa timagalimoto ta Dinky Toys mu 1934 ngati zokometsera masitima ake. Mu 1947, Leslie Smith ndi Rodney Smith anakhazikitsa kampani ya Lesney ku London, ndipo Jack Odell anagwirizana nawo. Mu 1953 kampaniyi inagulitsa tingolo toposa 1 miliyoni totsanzira ngolo imene Mfumukazi Elizabeth II anakwera pa tsiku lovekedwa ufumu. Chaka chomwecho inayamba kugulitsa timagalimoto ta Matchbox m'timabokosi tofanana ndi ta machesi. Mu 1956 kampani ya Mettoy inatulutsa Corgi Toys, topangidwa ku Swansea m'dziko la Wales, ndipo tinatchuka chifukwa tinali ndi mawindo a pulasitiki pamene ta Dinky tinalibe. Kagalimoto ka Corgi ka Aston Martin DB5 ya m'filimu za James Bond, kamene kanatuluka mu 1965, ndi kamodzi mwa todziwika kwambiri.

Mu 1968 kampani ya Mattel ya ku California inatulutsa Hot Wheels, kuyamba ndi mitundu 16. Timagalimotoi tinali ndi penti wowala ndiponso timawaya topyapyala togwira matayala, timene tinkachititsa kuti tizithamanga kwambiri tikakankhidwa. Tambiri tinkatsanzira magalimoto osinthidwa a achinyamata a ku California. Ana anatikonda, ndipo makampani a ku Britain anakakamizika kusintha matayala a timagalimoto tawo. Fakitale ya Dinky ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, Lesney inagwa mu 1982, Mettoy mu 1983. Dzina la Matchbox linadutsa m'manja mwa makampani angapo mpaka linakhala la Mattel mu 1997. Kupanga timagalimoto tachitsulo kunasamukira kwambiri ku Asia.

Timagalimoto tapulasitiki

Ku America, luso lomanga timagalimoto linakula limodzi ndi malonda a magalimoto enieni. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, makampani monga Ford ndi General Motors ankaitanitsa timagalimoto ta 1:25 totsanzira magalimoto atsopano a chaka chilichonse, kuti ogulitsa azionetsa makasitomala kapena kupatsa ana awo. Imodzi mwa makampani opanga timagalimoto totsatsira malondati inali AMT, imene inakhazikitsidwa mu 1948 ku Michigan. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, kampani ya Revell ya ku California inayamba kugulitsa mabokosi a Highway Pioneers, a magalimoto akale oti munthu alumikize yekha.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1958, pamene AMT inatenga zikombole za timagalimoto totsatsira malonda tija n'kuyamba kugulitsa zidutswa zosalumikiza, pamodzi ndi zina zowonjezera. Bokosi limodzi linkapereka njira zitatu: kumanga galimoto monga imachokera ku fakitale, kuisintha maonekedwe, kapena kuisandutsa yampikisano. Kuyambira pamenepo wogula anakhala ndi ufulu wosankha mmene galimoto yake ionekere. M'zaka za m'ma 1960 makampani a AMT, Revell, Monogram, MPC ndi Jo-Han ankapikisana kwambiri, ndipo ankagwira ntchito ndi amisiri otchuka osintha magalimoto enieni. George Barris ankalangiza AMT, Revell inkatsanzira magalimoto a Ed Roth, ndipo Tom Daniel anajambulira Monogram galimoto ya Red Baron mu 1968, imene inayamba ngati kagalimoto kapulasitiki yeniyeni isanamangidwe.

Ku Japan, likulu la ntchitoyi ndi mzinda wa Shizuoka, kumene kuli makampani a Tamiya, Aoshima ndi Fujimi, ndipo Hasegawa ili m'chigawo chomwecho. Tamiya inayamba mu 1946 ngati kampani yocheka matabwa, kenako inayamba kupanga zofanizira zamatabwa, n'kusamukira ku pulasitiki cha m'ma 1960. Inatchuka ndi magalimoto ampikisano a 1:12, kuyambira ndi Honda RA273 mu 1967, ndiponso ndi zidutswa zolumikizana bwino popanda kuzisema kwambiri. Pokonzekera kutsanzira Porsche m'zaka za m'ma 1970, kampaniyi inagula Porsche 911 yeniyeni n'kuimasula kuti iyeze mbali iliyonse.

Anyamata amene anakula akumanga timagalimoto m'zaka za m'ma 1960 anabwerera ku lusoli atakula, moti lero ogula ambiri a mabokosi amenewa ndi akuluakulu. Zikombole zina zakale za AMT ndi MPC zikugwirabe ntchito pansi pa kampani ya Round 2 ya ku Indiana.

Kamangidwe

Zipangizo zoyambira ndi zochepa: kampeni kakuthwa, kapulayazi kodulira, kopanira tizidutswa, sandipepala wosalala, guluu, penti ndi maburashi. Ntchito imayenda motere.

Choyamba womanga amawerenga malangizo ndi kutsuka zidutswa m'madzi a sopo kuti achotse mafuta a m'chikombole, amene amalepheretsa penti kugwira. Chidutswa chilichonse amachidula pa kamtengo kake, osati kuchithyola, kenako amapala kamzere kamene kamatsala pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Asanathire guluu amayesa kaye ngati zidutswazo zikulowana.

Guluu wa polystyrene sagwira ntchito ngati guluu wa mapepala. Amasungunula pang'ono pulasitiki wa mbali zonse ziwiri, ndipo zikauma zimakhala chinthu chimodzi. N'chifukwa chake sagwira pamene pali penti kapena chonyezimira chija, mpaka atapalapo. Dontho lake likagwera pa galasi limasiya chipsera. Supagulu amagwira chitsulo ndi resin, koma nthunzi yake imayeretsa magalasi ngati nkhungu, choncho ambiri amamata magalasi ndi guluu woyera wamatabwa.

Injini, mipando ndi zapansi zimamangidwa ndi kupakidwa penti pazokha. Thupi la galimoto ndilo limafuna nthawi yambiri. Limasalazidwa, limapakidwa penti woyambira amene amaonetsa zokanda ndi maenje, kenako penti weniweni amapoperedwa mopyapyala kangapo, kudikira kuti aume asanabwerezenso. Mitundu ikuluikulu ya penti ndi enamel, acrylic ndi lacquer. Lacquer ndi waukali: akaikidwa pamwamba pa enamel amamukwinyitsa, ndipo wina amadya pulasitiki wosatetezedwa. Penti akauma bwino, ena amamukwecha ndi sandipepala wosalala kwambiri ndi kumupukuta mpaka awale.

Zomata za manambala zimaviikidwa m'madzi kwa kanthawi, n'kuzitsetserekera pamalo pake. Mizere yonyezimira ya m'mbali mwa mawindo imapangidwa ndi kapepala kachitsulo kopyapyala kwambiri, kamene kamamatidwa ndi kudulidwa ndi nsonga ya mpeni. Ofuna kuti kagalimoto kafanane kwambiri ndi yeniyeni amawonjezera mawaya a injini, mapaipi a mabuleki, malamba a mipando ndi tizidutswa ta mkuwa tocheka ndi asidi.

Kusintha maonekedwe

Njira zambiri zosinthira timagalimoto zinatengedwa kwa amisiri a magalimoto enieni a ku America a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Kufupikitsa denga ndi imodzi: womanga amadula mizati yonse yogwira denga, amachotsako kachidutswa, n'kubwezerapo dengalo. Popeza mizatiyo ndi yopendekeka, dengalo silikwananso ndipo limafunika kulitalikitsa kapena kupendeketsa mizati mwatsopano. Pa 1:25, kuchotsa mamilimita 3 kukufanana ndi kufupikitsa denga la galimoto yeniyeni ndi mainchi atatu. Njira zina ndi kutsitsa thupi kuti liyandikire pansi, kuchotsa zogwirira zitseko ndi zizindikiro, kukulitsa malo a matayala, ndi kudula zitseko kuti zizitseguka.

Kusakaniza mabokosi ndi njira yofala kwambiri. Womanga amatenga injini ya galimoto ina, matayala a ina, n'kuziika m'thupi la yachitatu, malinga ngati sikelo yake ndi imodzi kapena yoyandikana. Pachifukwachi omanga sataya zidutswa zotsala. Chimene sichipezeka m'bokosi lililonse amachipanga okha ndi mapepala a pulasitiki, timachubu ta mkuwa kapena aluminiyamu, ndi phala lomatira mipata. Akatswiri ena amapanga galimoto yonse popanda bokosi, pongoyang'ana zithunzi ndi miyeso.

Si onse amafuna galimoto yonyezimira. Ena amaikalambitsa dala poipaka dzimbiri, matope, fumbi ndi mafuta otayikira, n'kuiika pa kabwalo kofanizira galaja, msewu kapena munda. Malo osiyanasiyana alinso ndi zokonda zawo. Pakati pa anthu ochokera ku Mexico okhala ku Los Angeles muli mwambo wa timagalimoto ta lowrider, tina tokhala ndi timamota totidumphitsa. Makampani a ku Japan amagulitsa mabokosi a malole okongoletsedwa ndi magetsi ambiri otchedwa dekotora.

Timagalimoto tachitsulo natonso timasinthidwa. Thupi ndi tsinde lake zimagwirana ndi timisomali tophwanyidwa mutu. Wosintha amaboola mituyo, amalekanitsa zidutswa, amachotsa penti wakale ndi mankhwala, amasalaza chitsulo, amapaka penti watsopano, amasintha matayala, n'kutsekanso ndi timasikuluwu kapena guluu. Apa osintha amasiyana maganizo ndi osonkhanitsa. Kwa wosonkhanitsa, kagalimoto kakale kamakhala ndi mtengo ngati kali ndi penti wake woyamba ndi bokosi lake, moti kukapakanso penti kumatsitsa mtengowo. Nthawi zina kagalimoto kopakidwanso kamagulitsidwa mwachinyengo ngati kosowa kochokera ku fakitale, ndipo ogula amayang'ana timisomali tapansi kuti adziwe ngati kanatsegulidwapo.

Mipikisano ndi mabungwe

Kuyambira mu 1930 mpaka 1968, nthambi ya Fisher Body ya General Motors inkachititsa mpikisano wa anyamata wotchedwa Fisher Body Craftsman's Guild. Poyamba opikisana ankapanga ngolo yakale imene inali chizindikiro cha kampaniyo, ndipo kuyambira mu 1937 analoledwa kupanga galimoto yongoganizira okha. Opambana ankalandira ndalama zolipirira maphunziro a ku yunivesite, ndipo kampaniyo inkapezerapo achinyamata aluso. Chuck Jordan, amene anapambana mu 1947, anadzakhala mkulu wa nthambi yojambula magalimoto ku General Motors kuyambira mu 1986 mpaka 1992.

Bungwe la International Plastic Modellers' Society linayamba ku Britain mu 1963 ndipo lili ndi nthambi m'mayiko ambiri. Chionetsero chake chachikulu cha ku Britain chimachitika ku Telford mwezi wa November. Ku Japan, chionetsero cha Shizuoka Hobby Show chimachitika mwezi wa May. Oweruza mipikisano amayamba ndi zoyambirira: ngati matayala onse anayi akugunda pansi, ngati mizere ya chikombole inachotsedwa, ngati palibe guluu woonekera, ndi ngati penti ndi wosalala. Zowonjezera zodula siziphimba zolakwika zoterezi.

Makampani opanga timagalimoto amafunika chilolezo cha eni dzina la galimoto, ngakhalenso cha makampani a matayala ndi mafuta amene zizindikiro zawo zili pa galimotoyo. Malamulo oletsa kutsatsa fodya achititsa kuti mabokosi ambiri a magalimoto ampikisano akale azituluka opanda mayina a makampani a fodya amene anali pa magalimoto enieniwo.

Magalimoto a mawaya

Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ana akhala akupanga okha magalimoto a mawaya kwa zaka zambiri. Amapinda waya kuti apange thupi, amamanga molumikizira ndi waya wofewa kapena malegeni, amapanga matayala ndi zitini, zotsekera mabotolo kapena waya yemweyo, ndipo amaika waya wautali wokhala ndi chiwongolero kuti aziyendetsa ali chiimire. Sayeza ndi sikelo yolembedwa, koma amatsanzira ndi maso minibasi, lole kapena thirakitala imene amaiona pamsewu, ndipo matayala akutsogolo amakhota monga a galimoto yeniyeni. Pa mbali imeneyi ntchito yawo ndi yofanana ndi ya akatswiri opanga kagalimoto popanda bokosi.

Buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lofalitsidwa ku America mu 1990, limasimba za mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi amene akufunafuna mawaya opangira galimoto yake, ndipo linadziwitsa owerenga akunja mawu a Chichewa amenewa. Ku Philipstown, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, kumachitika mpikisano wothamangitsa magalimoto a mawaya. Akuluakulu ena amapanganso magalimoto a mawaya, a zitini ndi osema pamtengo kuti azigulitsa kwa alendo.

Chitetezo

Guluu wa pulasitiki, enamel ndi lacquer zimatulutsa nthunzi imene imapweteketsa mutu, imawononga thupi ikapumidwa kawirikawiri, ndiponso imayaka msanga. Ziyenera kugwiritsidwa ntchito pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, ndipo wopopera penti amafunika chovala kumphuno chosefa mankhwala, osati chansalu. Fumbi la resin ndi loipa m'mapapo, choncho ndi bwino kukwecha chidutswa chili chonyowa. Supagulu amamata khungu m'kanthawi kochepa ndipo ndi woopsa m'maso. Tizidutswa ting'onoting'ono tingatsamwitse ana osakwana zaka zitatu, ndipo timagalimoto tina takale tili ndi penti wa mtovu, motero si toyenera kupatsa ana kuti aziseweretsa.